Galu Akafika Miyezi 8 n'Kusiya Kumva

Loweruka lina m'mawa ndinapita kukacheza kwa mlamu wanga ku Chelstone, mu Lusaka. Ndisanagogode n'komwe pageti ndinamva chiphokoso mkati: ndowa ikugubuduzika pasimenti, mwana akulira, mlamu wanga akukuwa dzina la galu mobwerezabwereza. Geti itangotseguka pang'ono, chigalu chakuda chinandilumphira pachifuwa n'kusiya mapazi awiri amatope pamalaya anga, kenako chinaliyatsa liwiro kuzungulira nyumba chitaluma patapata. Pabwalo panali payipi yothirira maluwa yodukaduka, ndipo patsinde pa mtengo wa mapeyala panali dzenje lofika m'mawondo.

"Alamu, galu uyu ndatopa naye," anatero mlamu wanga akupukuta thukuta. "Ali kamwana, ndikati khala pansi ankakhala. Lero amangondiyang'ana ngati sakundidziwa. Kapena anandigulitsa wopenga?"

Galuyo sanali wopenga. Anali ndi miyezi 8, ndipo anagulidwa ali ndi masabata ochepa kwa anyamata ogulitsa tiagalu m'mphepete mwa msewu, amene analumbira kuti ndi German Shepherd weniweni. Dandaulo la mlamu wangali ndalimva kambirimbiri, kwa anthu a m'mafulati a ku Kabwata ndiponso kwa eni mabwalo aakulu a ku Woodlands ndi Kabulonga. Wina amati imbwa yake yapusa, wina amati yayamba mwano, koma nkhani ndi imodzimodzi: kagalu kamene kanali komvera kasanduka kamvuluvulu, ndipo mwini wake wayamba kuganiza za tcheni, za chikoti, kapena zokamutaya kutali. Tisanafike pamenepo, tiyeni timvetse chimene chikuchitika m'thupi mwa nyamayi, ndi chimene ife eni ake tikuichita.

Galu naye amatha msinkhu. Kwa agalu ambiri nyengoyi imayamba akakwanitsa miyezi 6, ndipo kwa a mitundu ikuluikulu imatha kupitirira mpaka chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Mano 28 aukhanda amakhala ataguluka ndipo m'malo mwake mwamera mano 42 achikulire, amene amafuna chotafuna. Wamkazi amalowa nyengo yake yoyamba yofuna amuna, imene imatenga masabata awiri kapena atatu, ndipo agalu a m'dera lonse amasonkhana kuseri kwa mpanda. Wamphongo amayamba kukweza mwendo pokodza, ndipo fungo la wamkazi wa nyumba yachitatu limamukoka kuposa mawu a mbuye wake. Thupi limakula msanga, miyendo imalimba, koma mbali ya ubongo imene imathandiza nyama kudziletsa ndiyo imakhwima pomalizira. Choncho muli ndi galu wamphamvu za wamkulu koma wakudziletsa kwa mwana.

Zimenezi si zongoganizira. Mu 2020 Lucy Asher wa payunivesite ya Newcastle ku Britain, pamodzi ndi Naomi Harvey ndi anzawo ena, anafalitsa zimene anapeza atatsatira agalu amene ankaleredwa kuti adzatsogolere anthu osaona. Anali a mitundu ya Labrador, Golden Retriever ndi German Shepherd, agalu osankhidwa bwino ndi oleredwa mosamala. Pamiyezi 5 agaluwo ankakhala pansi msanga akauzidwa ndi owalera. Pamiyezi 8 ambiri anayamba kuzengereza kapena kunyalanyaza lamulo lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti munthu wachilendo akawauza kuti akhale pansi, ankamvera monga kale. Amene ankamukanira ndi wowalera yekha. Pofika miyezi 12 kumvera kunali kutabwereranso. Ofufuzawo anaonanso kuti agalu amene ankasowa mtendere akasiyana ndi owalera ndi amene ankavuta kwambiri pamsinkhu umenewu.

Kholo lililonse limene lalerapo mwana wa Giredi 9 likuzidziwa zimenezi. Kusukulu aphunzitsi amamuyamikira kuti ndi waulemu, kunyumba mukamutuma amayamba wang'ung'udza. Palibe kholo lanzeru limene limataya mwana chifukwa cha zimenezo. Ndinamuuza mlamu wanga kuti zimene anaphunzitsa galu wake sizinatayike, zangophimbika ndi msinkhu, ndipo zidzaonekanso ngati sazikwirira yekha ndi ndodo.

Koma msinkhu pawokha sufotokoza zonse, ndipo apa m'pamene ndikufuna tikhalitse. Kumudzi kwathu, kum'mawa kwa dziko lino, sindinamvepo munthu akudandaula kuti galu wake ali ndi mphamvu zopitirira. Galu wa kumudzi amadzuka ndi mbuye wake, amamutsata kumunda, amapitikitsa akalulu ndi anyamata, amathandiza kukumba mbewa, amalondera nkhokwe, ndipo madzulo amagona pafupi ndi moto atatopa ngati wina aliyense. Tsiku lililonse amayenda mtunda wautali, mphuno ili pansi, ali pakati pa anthu. M'tauni muno galu tinamutenga, koma ntchito yake tinaisiya kumudzi.

Taonani tsiku la galu wa mu Lusaka. M'mawa kusanache gadeniboyi kapena mwana wa pakhomo amamulowetsa m'kanyumba kamabuloko kofolera ndi malata kuseri kwa nyumba. Eni nyumba amanyamuka molawirira kuthawa mdipiti wa magalimoto pa Great East Road kapena pa Independence Avenue, ana amapita kusukulu. Galu amatsala mumdima. Mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo malata aja amatentha ngati chiwaya. Amamva mapazi a anthu, minibasi ikuliza hutala, agalu anzake akuuwa, koma saona kanthu. Madzulo amapatsidwa nsima yotsala ndi msuzi, ndipo usiku, geti ikakhomedwa, amatsegulidwa kuti alondere. Maola 12 kapena kuposerapo ali yekha, ndiye mphamvu zonse zimene zaunjikana tsiku lathunthu zimaphulika nthawi imodzi pamaluwa, pazovala zoyanikidwa, pamatayala a galimoto ndi pamunthu woyamba amene wamuona. Ife n'kumati galuyo ndi wosokonekera mutu.

Mu 2021 akatswiri a payunivesite ya Helsinki ku Finland, motsogozedwa ndi Hannes Lohi, anasanthula mbiri za agalu oposa 11,000. Anapeza kuti kusakhazikika ndi kuchita zinthu mopupuluma kumapezeka kwambiri mwa agalu aang'ono msinkhu, mwa amphongo, ndi mwa amene amakhala okha nthawi yaitali tsiku ndi tsiku. Mtundu wa galu nawo unali ndi gawo, ndipo German Shepherd anali m'gulu la osakhazikika kwambiri. Msinkhu wa galu simungausinthe. Koma maola amene amakhala yekha ali m'manja mwanu.

Za mtunduzi tizinene mosabisa. Kuopa akuba kwachititsa kuti anthu azifuna agalu amene dzina lawo lokha limaopseza: Boerboel, Rottweiler, German Shepherd, ndipo masiku ano Belgian Malinois amene anthu amamuona m'mavidiyo a apolisi ndi asilikali pa Facebook. Agalu amenewa anawetedwa kuti azigwira ntchito. German Shepherd anakhazikitsidwa ngati mtundu mu 1899 ndi Max von Stephanitz, kuchokera kwa agalu oweta nkhosa amene ankathamanga tsiku lonse kubusa. Malinois nayenso ndi m'busa wa nkhosa wa ku Belgium. Boerboel ndi wa m'mafamu a ku South Africa. Ngakhale Jack Russell, amene anthu amamugula poganiza kuti poti ndi wamng'ono akwana pafulati ya ku Kabwata, anawetedwa kuti azisaka ndi kulowa m'mauna, ndipo satopa wamba. Kugula galu wotere n'kumutsekera kuli ngati kugula ng'ombe yapagoli n'kuimangirira pakhonde.

Musanyengedwenso ndi kukula kwa bwalo. Ndaona agalu a ku Kabulonga okhala m'mabwalo aakulu a kapinga wobiriwira amene ali osakhazikika kuposa galu wa pafulati amene mwini wake amayenda naye m'mawa uliwonse. Galu sadzithamangitsa yekha. Bwalo limene walinunkhiza kambirimbiri lilibenso nkhani yatsopano yomuuza. Chimene amapeza n'kuthamanga m'mbali mwa mpanda akuuwa aliyense wodutsa, ndipo poti wodutsayo amapitadi, galu amakhulupirira kuti wamuthamangitsa ndi iye. Mawa amauwa koposa.

Tsono anthu akatopa amagwira ndodo. Pali chiphunzitso chofala, chimene ophunzitsa agalu ena amachilalikabe, chakuti galu akulimbirana nanu ufumu wa pakhomo, ndiye muyenera kumugonjetsa: kumugwetsa chagada, kumukoka ndi tcheni chothina pakhosi, kumumenya mpaka adziwe mwini mudzi. Maganizo amenewa anachokera pa zimene Rudolf Schenkel analemba mu 1947 ataonerera mimbulu yotsekeredwa pamalo osungira nyama ku Basel, mimbulu yosabadwira pamodzi imene inkangokhalira kumenyana. David Mech, amene buku lake la mu 1970 linafalitsa kwambiri maganizowo, anadzawakana yekha mu 1999 atakhala zaka zambiri akuonerera mimbulu yakutchire. Anapeza kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, bambo, mayi ndi ana awo, ndipo makolo amatsogolera chifukwa ndi makolo. Galu amene akukulumphirani pageti sakufuna mpando wanu. Wakusowani tsiku lonse.

Ndodo imaoneka ngati ikugwira ntchito chifukwa galu womenyedwa amakhala chete nthawi yomweyo. Koma chimene waphunzira n'chakuti dzanja la munthu ndi loopsa. Mu 2009 Meghan Herron ndi anzake a payunivesite ya Pennsylvania anafunsa eni agalu amene anabwera kudzafuna thandizo pakhalidwe la ziweto zawo. Mwa agalu amene anamenyedwa kapena kupondedwa, 43 pa 100 alionse anabwezera ndi ukali. Mu 2020 ofufuza a ku Porto, m'dziko la Portugal, anayerekeza agalu 92 a m'masukulu 7 ophunzitsa agalu, ndipo anapeza kuti ophunzitsidwa ndi chilango ankaonetsa nkhawa yambiri kuposa ophunzitsidwa ndi mphotho, ndipo zimenezi zinkaonekanso m'malovu awo atapimidwa. Chimodzimodzinso zija timamva zothira tsabola m'chakudya cha galu, kumupatsa chamba, kapena kumubisa kuti asaone anthu n'cholinga choti akhale wolusa. Galu woleredwa motero sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa aneba amene wabwera kudzatenga mpira wake. Zimandipweteka mtima kuti nthawi zambiri amene amalipira ndi mwana, kenako galuyo, pamene wolakwa weniweni ndi amene anamulera. Mlonda wabwino ndi galu wodekha, wodziwa anthu a pakhomo pake, amene amauwa pakakhala chifukwa. Paja akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe.

Nanga tichite chiyani? Choyamba n'kutuluka naye. Kwa mlamu wanga tinayambira pamenepo: theka la ola m'mawa dzuwa lisanakwere, theka lina madzulo, galu ali pachingwe. M'miyezi yotentha ikani kuseri kwa dzanja lanu paphula. Ngati simungapirire, mapazi a galu nawo sangapirire. Ndipo ulendowu usakhale mpikisano. Mlekeni anunkhize tsinde la mtengo, ngalande, pamene padutsa agalu ena. Mphuno ndiye maso a galu, ndipo kununkhiza kumamutopetsa mutu kuposa kuthamanga. Agalu a mitundu ikuluikulu mafupa awo amakhala akukulabe mpaka atapitirira chaka, choncho kuwathamangitsa kumbuyo kwa njinga mtunda wautali pamsewu wouma n'kuwavulaza.

Chinthu chimene chinasintha kwambiri pakhomo paja chinali chaching'ono. Tinaleka kumupatsa chakudya chonse m'mbale. Madzulo ena ndinatenga kapenta wodzaza dzanja, wosathira mchere, n'kumumwaza pakapinga. Galu uja, amene mphindi yapitayo ankalumpha ngati wapsa mapazi, anaika mphuno pansi. Mchira unayamba kugwedezeka pang'onopang'ono. Anayenda cham'mbali, n'kubwerera, n'kufwenthera patsinde pa duwa, akutola kansomba kamodzikamodzi. Kwa mphindi pafupifupi 20 pabwalo panali zii. Atatha anamwa madzi, n'kukagona pakhonde mutu uli pamapazi a mwana uja ankalira tsiku loyamba lija. Mlamu wanga anangoti, "Alamu, ndi yemwe uja ameneyu?"

Maphunziro enieni azikhala aafupi, mphindi 5 kawiri kapena katatu patsiku, ndipo mubwerere ku zoyambirira ngati kuti galuyo sanaphunzirepo: khala pansi, dikira, bwera. Yambirani pamalo opanda zosokoneza, kenako pabwalo, kenako pafupi ndi geti, pomalizira kumsewu. Akachita bwino, mphotho ifike nthawi yomweyo, kaya ndi kachidutswa ka nyama, kaya ndi mpira, chifukwa galu amalumikiza mphotho ndi chimene wangochita kumene. Pachifukwa chomwecho, kumukalipira madzulo chifukwa cha nsapato imene anatafuna m'mawa n'kutaya mawu. Lamulo linenedwe kamodzi. Mukati "bwera, bwera, bwera" iye akuthamangira kwina, mukumuphunzitsa kuti liwulo lilibe tanthauzo. Ndipo musamuitane kuti mudzamumenye kapena kuti mudzamutsekere nthawi zonse, apo ayi adzaphunzira kuti kubwera kwa inu ndi kutha kwa chisangalalo. Pamsinkhu uno, pamene makutu ake ali kwina, chingwe chachitali cha mamita 5 kapena 10 chimamupatsa ufulu popanda kumutaya.

Za kulumphira anthu, mankhwala ake ndi kumumana chimene akufuna. Akalumpha, tembenukani, pindani manja, musamuyang'ane, musalankhule. Mapazi onse anayi akangofika pansi, muyamikireni. Kumukankha ndi kukuwa iye amakuona ngati masewera. Za kutafuna ndi kukumba, simungazithetse, mungangozipatsa malo ake: chidole cholimba chotafuna, ngodya imodzi ya bwalo imene akuloledwa kukumba, nsapato ndi mapayipi zikhale posafikira. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka n'kubaya m'matumbo, choncho asapatsidwe. Musaiwalenso tulo. Galu amagona pafupifupi theka la tsiku, ndipo wosagona mokwanira amavuta ngati mwana wakhanda amene wapitirira nthawi yake yogona. Kanyumba kake kakhale pamthunzi, kopita mphepo, kokhala ndi madzi, malo opumulira osati ndende.

Chovuta kwambiri m'nyumba za mu Lusaka si galu ayi, koma kuchuluka kwa aphunzitsi. Bambo amaletsa kulumpha, ana amakulimbikitsa chifukwa kumawasangalatsa, amayi amamuthamangitsa ndi tsache, gadeniboyi amamuopa ndipo amamuponyera chakudya ali patali. Wina amalamula m'Chingerezi, wina m'Chinyanja, wina m'Chibemba. Galu samva chilankhulo, amamva kamvekedwe kamene wazolowera, choncho banja likhale pansi ligwirizane mawu amodzi pa lamulo lililonse. Ndipo wantchito amene amakhala ndi galuyo tsiku lonse asasiyidwe kunja kwa nkhaniyi. Iyeyo ndiye mphunzitsi wamkulu, kaya mukufuna kaya simukufuna. Muonetseni zochita, mupatseni nthawi yake pantchito imeneyi, ndipo ngati mwamuwonjezera ntchito muganizirenso malipiro ake.

Ambiri amafunsa ngati kuli bwino kutumiza galu kwa ophunzitsa kwa mwezi umodzi kuti akabwere atawongoka. Ophunzitsa aluso alipo, ndipo thandizo lawo ndi lofunika makamaka galu akayamba kuopseza anthu. Koma kumbukirani zimene anapeza a ku Newcastle aja: galu wa msinkhu uno amamvera mlendo, amakanira mwini wake. Akhoza kuchita zodabwitsa pabwalo la mphunzitsi n'kubwerera ku zakale sabata yomweyo atafika kunyumba. Wofunika kuphunzira ndi inu pamodzi ndi galu wanu. Pemphani kuonerera mmene amaphunzitsira musanalipire. Akakukanizani, kapena mukaona agalu akunjenjemera ndi kubisa michira mphunzitsi akayandikira, tengani galu wanu muzipita.

Kufula nako anthu amakuyesa mankhwala a zonse. Kumathandiza ndithu: wamphongo amachepetsa kuthawathawa kofuna akazi, ndipo wamkazi akachitidwa opaleshoni simudzakhala ndi tiana tosakonzekera, poti bere la galu ndi la masiku 63 okha ndipo amatha kutenga bere panyengo yake yoyamba yomwe. Koma kufula sikuchotsa mphamvu, ndipo sikuphunzitsa galu kukhala pansi. Nthawi yoyenera imasiyana malinga ndi mtundu ndi kukula kwa galu, choncho kambiranani ndi dokotala wa ziweto. Madokotalawa mu Lusaka alipo, kuphatikizapo a kusukulu ya zaudokotala wa ziweto ya Samora Machel payunivesite ya Zambia. Iwo angaonenso ngati kusakhazikikako kukuchokera ku utitiri, nkhupakupa, njoka za m'mimba kapena ululu wina. Matenda enieni a kusakhazikika, ofuna mankhwala, ndi osowa mwa agalu.

Pali kusintha kumodzi kumene sikuyenera kudikira. Galu wotha msinkhu amavuta koma amadya, amasewera, amakudziwani. Galu amene wasintha mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akulephera kumeza, akuluma chilichonse kapena wayamba kufooka miyendo, akhoza kukhala ndi chiwewe. Musamugwire, itanani a zaziweto. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Lamulo la dziko lino loyang'anira agalu, Control of Dogs Act, limafuna kuti galu alembetsedwe ndi kubayidwa katemera wa chiwewe, ndipo mu mzinda uno kulembetsako kumachitikira kukhonsolo. Galu wa msinkhu wothawathawa ndiye woyenera kukhala ndi katemera wokwanira kuposa wina aliyense, poti tsiku lina geti idzatsala yotsegula.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti miyezi yovutayi ndi imene anthu ambiri amagwa ulesi. Galu amamangidwa patcheni moyo wake wonse, kapena amaperekedwa kwa wachibale wa kufamu amene sanamupemphe, kapena amatsitsidwa m'galimoto kutali ndi kwawo. Amwayi amakathera kumalo osungira nyama a bungwe la Lusaka Animal Welfare Society, kumene amadikira munthu wina wowatenga. Galu wa mlamu wanga tsopano ali ndi chaka ndi miyezi 4. Dzenje la pamtengo wa mapeyala linakwiriridwa. Akamva geti amathamangabe, koma amafika n'kukhala pansi, thupi lonse likunjenjemera ndi chimwemwe, kudikira kuti mumugwire pamutu. Masiku ena amaiwala, ndipo amayambiranso.

Inu amene muli ndi galu wa msinkhu umenewu pakhomo, musamutaye ndipo musamumenye. Onani khadi lake la katemera usiku uno, ndipo mawa m'mawa, musanapite kuntchito, mutsegulireni, mumangeni chingwe, mutuluke naye pageti.